Funso la Nambala 41

Brikama
Lachitatu, 16 Julaye 2025

Okondedwa achemwali anga a Mansata,

Mtendere ukhale nanu. Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Ziguinchor pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine thupi lili bwino, Nyima nayenso akudya, akusewera. Koma achemwali, kalatayi muiwerengere panokha, ndipo mukamaliza musaiike pansi n'kumati ndiona mawa. Musandiimbirenso pa nambala ija, simu ndachotsa. Ndapatsira Aja Sirre, amayi amene amabweretsa mafuta ofiira kuchokera kwanuko, chifukwa akunyamuka masana ano ndipo akuti pakhomo panu amapadziwa. Ndikulemba mothamanga, pamene ndalakwitsa mungowerenga choncho.

Mukudziwa kale kuti ndinachoka kwa bambo a Nyima titangomasula Ramadani. Chimene sindinakuuzeni bwino pafoni ndi chifukwa chake. Apongozi anati mvula ya chaka chino, sukulu zikatsekera, Nyima apita kwa amayi a mpeni, odula ana aakazi kumaliseche, pamodzi ndi atsikana ena a pabwalo. Mwana wa zaka zinayi, achemwali. Ndinagwada, ndinalira, ndinatchula ndi za lamulo loletsa zimenezi. Apongozi anangoti, "Lamulolo ndi limene lidzamukwatire?" Amuna anga a Sankung anali pomwepo akuwiritsa tiyi wawo, ndipo osandiyang'ana n'komwe anati, "Zimenezo n'za akazi, ine musandilowetsemo." Inu mukumukumbukira malemu Satang wathu. Munali wamkulu kale, ndinu amene munachapa nsalu zija. Ine ndinali wamng'ono, koma ndimakumbukira kuti anapita kwa amayi a mpeni akuyenda yekha, anabwera atamunyamula, ndipo akuluakulu anatiuza kuti tisalire mokweza. Basi ndinamubereka Nyima ngati ndikupita naye ku sikelo, ndinakwera minibasi ya gele-gele pa Bansang, sindinabwererenso.

Kuno ndikukhala kwa Mba Binki, amayi achikulire amene amagulitsa buledi wa tapalapa ndi nyemba pafupi ndi siteji ya magalimoto. Si abale athu. Anandipeza nditakhala pasiteji osadziwa kolowera, anangoti, "Iwe, mwana ameneyu wadya?" Ndimawaphikira nyemba, ndimatsuka mapoto, iwo amatipatsa pogona. Miyezi yonseyi panalibe wa kumudzi amene ankadziwa kumene tili. Amene wawauza ndine ndemwe, achemwali, ndi chala changachi, ndipo andipatsa mamalikisi asanu pa asanu chifukwa chowauza bwino.

Ndifotokoze kuti mumvetse. Chaka chatha bungwe lina linabwera kumudzi kudzalemba amayi a gulu lathu sukulu ya pafoni. Timaphunzira kulemba Chingerezi ndi kasamalidwe ka ana aang'ono, ndipo ukamaliza amakupatsa pepala loti ungapeze nalo ntchito ku sukulu ya mkaka. Inu mukudziwa kuti ine ndinalekeza giredi sikisi. Pepala limenelo ndinalifuna ndi mtima wanga wonse. Tinalembetsa amayi angapo a m'mudzi mwathu, mmodzi mwa iwo ndi mlamu wanga Jonsaba, mlongo wawo wa a Sankung. Tinaima pamzere umodzi tsiku limenelo, iye akundiseka kuti ndagwira foni ngati nkhuku yofuna kuthawa. Nditachoka kumudzi nambala ya foni ndinasintha, koma sukuluyo sindinaisiye. Pa zonse za kumeneko, ndi yokhayo imene inali yangayanga.

Kalasi yathu ndi yaikulu, muli amayi ochokera m'dziko lonse lino, koma mphunzitsi ndi mmodzi, Madamu Haddy. Sitinawaonepo, timangomva mawu awo. Sangathe kuwerenga za tonse, ndiye amachita chonchi: ukalemba nkhani n'kutumiza, makina amachotsa dzina lako n'kuikapo nambala, kenako amaipereka kwa anzako awiri kuti aichonge. Nawenso umalandira za ena awiri, ndipo ukapanda kuchonga za anzako, zako suziona. Pochonga pali malo anayi oti ulembemo: zabwino ziwiri, chofunika kukonza chimodzi, ndi funso limodzi. Pansi pake mamalikisi. Ine ndine nambala 23. Madamu ankabwereza sabata ndi sabata, "Amayi, lembani momasuka. Muno mulibe mayina, palibe amene akukudziwani."

Mutu wa mwezi uno unali wakuti, Malo amene ndimakhala. Nditauona ndinalemba mochenjera. Ndinati ndimakhala m'nyumba, pafupi pali msewu, pali mzikiti ndi msika, anthu ake ndi abwino, Mulungu adalitse malo athu. Basi.

Mayankho atabwera ndinachita manyazi. Nambala 17 analemba kuti, "Chabwino choyamba: walemba. Chabwino chachiwiri: wamaliza msanga. Chokonza: zonse. Funso: kodi iwe umakhala pansi pano kapena m'mitambo? Izi ndi Gambia yense. Ngakhale mbuzi ya kwathu itapatsidwa foni ingalembe zomwezi." Nambala 8 anali wachifundo, ndipo chifundo chakecho ndi chimene chandifikitsa pano. Iye anati, "Mchemwali wanga, Chingerezi chako n'chomveka, koma malo ako sindikuwaona. Ndigwire dzanja undiyendetse. Chimakudzutsa m'mawa n'chiyani? Ukaima pakhomo umaona chiyani chimene kulibe kwina? Uli ndi mwana? Ndionetse." Onse anandipatsa awiri pa asanu. Ukapeza awiri amakulola kukonza kamodzi kokha, ukalepheranso gawo limenelo wagwa.

Ndinawamasulira Mba Binki tikusankha nyemba. Anaika lichero pansi.

"Mbuzi? Wakutukwana munthu wopanda nkhope, iwe n'kungokhala phee? Kodi pano palibe choona? Mkango wa Pa Dembo suuona? Lemba, mwana iwe, adziwe kuti kwa Binki sikukhala mbuli."

Ndinati, "Mba, nanga akandizindikira?"

"Akuzindikire ndani? Si wanena wekha kuti kumeneko ndiwe nambala? Nambala ili ndi mwamuna? Nambala ili ndi apongozi?"

Tinaseka tonse awiri. Ndinaseka, achemwali.

Ndiye ndinalembanso. Sindikunamizani, ndinasangalala polemba, mawu ankabwera okha. Ndinalemba za utsi wa uvuni wa buledi umene umalowa pansi pa chitseko chathu anthu asanaitanidwe ku swala yoyamba. Ndinalemba za oitanira magalimoto amene amakuwa mpaka mawu kusasa. Ndinalemba za Pa Dembo, bambo wowotcherera zitsulo moyang'anizana nafe, amene anajambula mkango pachipata chake koma nkhope inatuluka ya nkhosa, moti madalaivala akamabwera kudzawotcheretsa zotengera katundu za padenga amangoti tikakumane kwa nkhosa yobangula. Ndinalembanso za mwana wanga, kuti m'mawa uliwonse amakapereka moni kwa mkangowo atagwada ngati kwa agogo, ndiponso kuti buledi amadya mkati mokha, makoko amawabisa mu nsapato yake kuti ndisamukakamize. Dzina la tauni sindinalembe. Dzina la Pa Dembo sindinalembe. Dzina la mwana sindinalembe. Ine ndinkayesa kuti munthu amadziwika ndi dzina basi.

Ndipo za Jonsaba sindinaganize n'komwe. Mwina ndinaganiza pang'ono n'kudziuza kuti amayi ndi ambiri, siingagwere iye. Mwinanso ndinkayesa kuti anasiya, poti Chingerezi chinkamuvuta kuposa ine.

Lolemba mayankho anabwera. Nambala 17 yemwe uja anati, "Pepa nambala 23, mbuzi ija ndaibweza m'khola. Ndaseka mpaka mwana wadzuka kumsana." Asanu pa asanu. Ndinathamanga kukawauza Mba Binki, iwo anavina pang'ono ndi chikombe m'manja. Kenako ndinatsegula yankho lachiwiri. Ulendo uno silinali la nambala 8, makina anapereka kwa munthu watsopano, nambala 41. Ndikulemberani monga analembera.

"Chabwino choyamba: mkango wa pachipata ndauona ngati ndaima pomwepo. Chabwino chachiwiri: mwana wobisa makoko a buledi mu nsapato ndamukonda kwambiri, inenso ndikudziwa mwana mmodzi wotero. Chokonza: sunalembe kuti mwanayo ali ndi agogo ake amene sakudya bwino chichokereni iye. Funso: kodi Loweruka mudzakhala pakhomo?"

Naye anandipatsa asanu pa asanu.

Ndinangokhala pansi pafupi ndi mbaula. Nyima anali pomwepo akumanga chidole chake kumsana. Mba Binki anandilanda foni ngati kuti atha kuwerenga, kenako anandibwezera nati, "Nena, chatani?" Ndinawamasulira mawu onse.

Chichokereni Lolemba mutu wanga ukungozungulira pa funso limenelo. Za nsapato zija amene amazidziwa ndi a pabwalo paja okha, ndipo amene ankakonda kumugwira akubisa ndi Jonsaba. Ankagwedeza nsapatoyo n'kumati, "Mayi wamng'ono, nkhokwe yanu yadzaza." Ndiye nambala 41 ndi Jonsaba. Koma akundiopseza kapena akundichenjeza? Jonsaba ndi amene anandiphunzitsa kuphika ndiwo za domoda mmene amakondera apongozi kuti asamandinyoze. Tsiku limene a Sankung anandimenya ndi lamba wa galimoto, ndi iye anabwera ndi madzi ofunda. Koma ndi Jonsaba yemweyo amene chaka chatha anapereka mwana wake kwa amayi a mpeni, nabwera akuimba, ndipo nditamufunsa anati, "Mlamu, ife tinafa?" Komanso foni imene amaphunzirira anamugulira ndi a Sankung, ndipo zikamuvuta ndi iwo amene amamuwerengera, poti iwo anafika giredi naini. Tsono sindikudziwa kuti mawu amenewo analemba ndi chala cha ndani, ndiponso amene anaima kumbuyo kwake ndani. Ndipo musaiwale, a Sankung ndi dalaivala. Jonsaba adziwa nsapato, iwo adziwa nkhosa yobangula. Nkhani yanga inafuna anthu awiri amenewa okha kuti itseguke, ndipo amadyera mbale imodzi.

Ndinafuna kumuyankha nambala 41, koma kumeneko kulibe malo oyankhira. Amangokufunsa kuti, Kodi ndemangayi yakuthandizani? n'kukupatsa zithunzi ziwiri, chala choloza m'mwamba ndi chala choloza pansi. Ndinadina cha m'mwamba. Ngati ndi Jonsaba wondichenjeza, adziwe kuti ndamva. Ngati ndi a Sankung, aganize kuti ndine wopusa, sindinamve kanthu.

Dzulo ndinalimba mtima n'kuwaimbira Madamu Haddy. Anayankha mosangalala.

"Teneng! Ndimati ndikuimbire ndine. Waona pabolodi?"

"Bolodi liti, Madamu?"

"Nkhani imene yapeza asanu kwa onse awiri imapita yokha pabolodi la kalasi, kuti anzako aphunzirepo. Yako ili pamenepo chiyambire Lolemba. Amayi akuikonda zedi, ena akufunsa kuti mkangowo uli kuti akauone."

Achemwali, ndiye kuti ngakhale Jonsaba atakhala chete, amayi ena onse a m'mudzi mwathu amene tinalembetsa nawo aiwerenga. Ndinawauza Madamu zonse, ndikulira. Iwo anati, "Mulungu wanga. Ndikuichotsa pompano." Anaichotsadi. Koma chimene chalowa m'maso mwa anthu sachichotsa ndi chala.

Ndinati, "Madamu, ndiuzeni chabe kuti nambala 41 ndi ndani."

"Sindingathe, mwanangu. Lamulo limene limabisa iwe ndi lomwelo limabisa iye. Koma ndimuimbira ndekha ndimufunse."

Ndinakuwa, "Ayi, musamuimbire! Ngati ndi mlamu wanga ndipo amafuna kundithandiza, foniyo adzayankha ndi achimwene ake."

Sindikuwada Madamu. Ankangoti, "Ife sitinaganize, sitinaganize." Anandipatsa nambala ya anthu ena amene amathandiza amayi othawa. Ndinaimba, anandilankhula bwino, koma akuti malo ogona adzaza, ndiyesenso Lolemba. Lolemba lili kuseri kwa Loweruka, achemwali. Mba Binki akuti tikadandaule kwa aboma. Mwina angathandize, koma ine ndikuopa. A Sankung adzafika atavala mkanjo woyera, adzati, "Ndine bambo, ndadzatenga mwana wanga amene mkazi anathawa naye." Za mpeni palibe amene adzatchule, adzakana onse. Ndipo mwana akangokwera galimoto ya ku Bansang, zotsalazo zimatha m'mawa umodzi.

Ndisanachotse simu panali nkhani ziwiri za anzanga zodikira kuti ndichonge. Ina inali yaifupi. Mayi wake analemba kuti amakhala m'chipinda, pafupi pali mpope, anthu ake alibe vuto. Basi. Mwina ndi waulesi chabe, sindidziwa. Ndinamupatsa asanu, ndipo pa malo a chokonza ndinalemba kuti, usawonjezere kanthu.

Tsono lero m'mawa zatsimikizika. Pa Dembo anawoloka msewu kudzagula buledi, akuseka, magalasi ake akuda ali pamphumi.

"Mayi a Nyima, mkango wanga watchuka! Dzulo kunabwera dalaivala wa ku Bansang, sanawotcheretse kanthu, anangoti, kodi ndi uno mkango umene kamtsikana kamaugwadira? Ndinati eya, kamfumukazi kanga, kamakhala khomo ilo."

Mba Binki anawaponyera nsanza yopukutira m'manja kumaso. "Dembo, pakamwa pako pamafunika kuwotcherera!"

Bambo aja anangoti kakasi, sakudziwa chimene alakwa. Alakwanji? Anafunsidwa, anayankha, ngati ine.

Achemwali, nali pempho langa, ndipo ndilibe wina womupempha. Aja Sirre abweranso kuno Lachisanu m'mawa ndi mafuta, ndipo abwerera masana omwewo. Bwerani nawo. Mudzamutenge Nyima muwoloke naye malire ngati mwana wanu. Ndinawapempha Aja kuti amutenge lero lomwe, anakana. Anati, "Mwanawe, ine ndimanyamula zigubu, sindinyamula ana a eni. Pamalire akandifunsa ndidzati chiyani? Abwere mayi ake aakulu." Nyima akufanana nanu pamphumi ndi m'maso, palibe adzafunse. Ndipo kwa alamu, kwa mtundu wawo wa Amanjago, ana aakazi sawadula. Ndikudziwa kuti pabwalo panu apongozi anga sangalowe n'kunyamula mwana.

Mudzafunsa kuti bwanji osangobwera naye ndekha. Dziko lathu ndi laling'ono, dalaivala aliyense ndi mnzake wa dalaivala wina. Panopa pasiteji onse auzidwa za mayi wamfupi wa mpata kumano amene ali ndi kamtsikana. Ndikakwera galimoto ya ku Jiboro, ndisanafike pamalire foni idzakhala italira ku Bansang. Koma amayi awiri a zigubu za mafuta ndi mwana wogona pamiyendo, ndani awayang'ane? Komanso ndikufuna Loweruka a Sankung adzandipeze pakhomo. Akandipeza ine adzayesa kuti mwana ali pafupi, adzataya masiku akufufuza muno m'Brikama, inu mutafika kale. Chimene ndidzawauze sindinachidziwe. Mwina adzanditengera kumudzi. Mbama ndimazidziwa, sizindiopsa ngati chinacho.

Musadzafike kwa Mba Binki kuno. Lero masana Nyima akupita kwa mdzukulu wawo, amayi osoka zovala kuseri kwa msika wa nkhuni, Aja akudziwako. Mudzamupeza kumeneko ndi kachikwama kake, ndaikamo khadi la ku sikelo ndi madiresi ake. Ine sindidzabwera kudzatsanzika. Nyima akandiona sadzalola kupita, ndipo inenso sindikudzikhulupirira.

Ngati alamu akana, musakangane nawo chifukwa cha ine. Mungowauza Aja kuti sizinatheke, ndidzamva. Koma muwawerengere kalatayi kaye, ndipo muwauze za Satang ngati simunawauzepo.

Mundiperekere moni kwa alamu a Bernard, muwauze kuti ndikugwada pamaso pawo. Moni kwa Odile ndi Fifi, muwauze kuti kukubwera mng'ono wawo, asamuseke akamalankhula Chimandinka cha kumtunda. Moni kwa apongozi anu ngakhale sanandionepo, muwapemphe amulandire pa mphasa yawo. Amayi athu kumudzi musawauze kanthu, si kuti ndi oipa, koma akafunsidwa sadziwa kubisa.

Nyima amaopa bingu, mvula ikamagunda mumutseke makutu ndi manja anu, amagona. Tsabola sanayambe kudya. Pomuluka tsitsi musakoke kwambiri, ali ndi chipsera kumbuyo kwa khutu lamanzere chimene chimamupweteka. Akadwala chifuwa chimayamba ndi kusakhosomola, amangokhala chete, ndiye mumuyang'anitsitse akakhala chete. Masiku oyamba adzandifunsa kwambiri. Muzimuuza kuti ndikubwera, chifukwa Mulungu akalola ndibweradi. Koma mvula ikatha ndisanafike, akayamba kukutchulani amayi, musamuletse.

Ndine mng'ono wanu,
Teneng